Ndalama za amalume ndi masiku 28

Mwezi wa Ogasiti ku ofesi kwathu nkhomaliro timadya dzuwa litapendeka. Ntchito yathu ndi yothandiza ophunzira amene apeza malo m'mayunivesite akunja kukonza mapepala a viza, ndipo poti sukulu zambiri za ku UK zimatsegulira kumapeto kwa Sepitembala, onse amene anagona mu Meyi ndi Juni amadzukira pakhomo pathu mwezi uno. Tilipo atatu m'kachipinda kamodzi kuno ku Lilongwe, makompyuta awiri, ndi pulinta yofuna kuinyengerera ngati mwana wodwala. Sabata yoyambira pa 4 Ogasiti 2025 inandithera pa mtsikana mmodzi ndi amalume ake.

Anafika Lolemba m'mawa, mtsikanayo patsogolo atakumbatira envulopu yakhaki, bambo wachikulire pambuyo chipewa chili m'manja. Mwanayo wapeza malo a digiri yachiwiri ya zaumoyo ku yunivesite ina kumpoto kwa England. Sukuluyo inamuchotserako fizi, ndipo yotsala analipira kale. Kalata yotchedwa CAS, imene yunivesite imatumiza kutsimikizira boma la UK kuti munthu walandiridwadi, inali itabwera. Pasipoti inali bwino. Dzina la pa pasipoti ndi la pa satifiketi ya MSCE linali limodzi, chinthu chimene sindichiona kawirikawiri, chifukwa ambirife ku pulayimale tinalembetsa dzina la agogo, ku sekondale la bambo, ku tchalitchi lina. Mumtima ndinati apa lero tiweruka msanga.

Kenako ndinapempha sitetimenti ya kubanki. Bambo aja anaitulutsa m'thumba la jekete monyadira, ndipo ndalama zinalimo zokwanira ndithu. Koma dzina la pa akaunti linali lawo.

"Bambo, inu ndi bambo ake omubereka?"

"Iyayi mayi, ndine malume wake. Bambo ake anatisiya iyeyu ali sitandade 3. Ameneyu ndi mwana wa mlongo wanga, mbumba yanga. Fizi yonse kuyambira ku pulayimale yatuluka m'thumba ili."

Apa ndi pamene ntchito yanga imandiwawa. Lamulo la viza ya ophunzira ku UK limalola ndalama zimene zili mu akaunti ya wophunzira mwini wake, ya kholo lomubereka, kapena ya munthu amene khoti linamupatsa udindo wolera mwanayo. Mukagwiritsa ntchito za kholo, muyenera kuonetsa chiphaso chobadwira ndi kalata ya khololo yovomereza. Malume mulibemo. Azakhali mulibemo, achimwene mulibemo. Olemba lamuloli banja amaliona ngati bambo, mayi ndi ana, basi. Ndiye mumuuze bwanji mwini mbumba wa ku Mchinji, amene kwawo ndiye woyamba kufunsidwa pa ukwati, pa maliro ndi pa sukulu ya ana a mlongo wake, kuti pa pepala la azungu iye ndi mlendo? Kupita ku khoti kunalibenso phindu, chifukwa mtsikanayu ali ndi zaka 24, si mwana woti wina nkupatsidwa kuti amulere.

Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa modekha kuti, "Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikulera mwana wa eni?" Ndinalibe yankho labwino. Ndinangowafotokozera njira yokhayo imene inalipo: asamutsire ndalamazo mu akaunti ya mtsikanayo, zikhalemo masiku 28 otsatizana osatsika ngakhale tsiku limodzi pansi pa mlingo wofunika, ndipo tikatenga sitetimenti, tsiku lake lomaliza lisapitirire masiku 31 tisanatumize fomu. Mlingowo, wa ndalama zodzisamalira ukafika ku UK, kwa wophunzira kunja kwa London, nthawi imeneyo unali mapaundi 1,136 pa mwezi kwa miyezi 9, kutanthauza mapaundi 10,224. Wa ku London unali 1,483 pa mwezi. M'makwacha, pa mtengo wa kubanki, za mtsikanayu zimapitirira K23 miliyoni. Ndinawalangiza kuti awonjezere pamwamba, chifukwa a viza amasintha makwacha kukhala mapaundi pa mtengo wa tsiku lotumiza fomu, osati wa tsiku loika ndalama. Amene tinali pa ntchitoyi mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi, tikukumbukira mafayilo amene madzulo anali okwana, m'mawa nkukhala operewera popanda wotapapo tambala.

Vuto lina nali. Amalumewa ndi ogula mbewu, ndipo ndalamazi ndiwo mpamba wawo. Ino ndi nyengo imene alimi akugulitsabe soya ndi mtedza. Kuwauza kuti mpamba ugone kubanki mwezi wathunthu kuli ngati kuuza msodzi kuti apachike ukonde usipa utafika. Anati akaganize.

Lachiwiri linali la mafoni. Kunamveka nkhani yoti boma la America liyamba kufuna chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 kwa nzika za Malawi ndi Zambia zofuna viza kuyambira pa 20 Ogasiti, ndipo makolo amene ana awo akuyembekezera kupita kumeneko anatekeseka. Ndinabwereza mawu amodzimodzi mwina kakhumi: chilengezocho chikukamba za viza ya alendo ndi ya bizinesi, B1 ndi B2, pomwe ophunzira amayendera F-1. Ena anamva, ena anati adikira zimene anene a m'gulu lawo la pa WhatsApp. Cha m'ma 3 koloko mtsikana uja anatumiza chithunzi cha risiti. Amalume asamutsa ndalama. Ndinatenga kalendala ya pakhoma nkuwerenga ndi chala: tsiku la 28 ndi pa 1 Sepitembala. Fomu tidzatumiza pa 2, kenako kudinda zala, kenako kudikira yankho, lomwe nthawi zambiri limatenga masabata atatu. Sukulu ikutsegulira pa 22. Ndinamuuza alembere ku yunivesite tsiku lomwelo kufunsa tsiku lomaliza limene angamulandire atachedwa.

Lachitatu kunabwera mnyamata wina wovala bwino, wonunkhira perefyumu, fayilo yake yosanjidwa bwino zedi. Sitetimenti yake inali yokongola mopitirira. Miyezi itatu palibe kugula mayunitsi, palibe kutapa ya minibasi, ndalama zangokhala phee ngati madzi a m'chitsime. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti manambala a mzere umodzi ndi onenepa kusiyana ndi anzake. Ndinatseka chitseko nkumufunsa kuti, "Achimwene, pepala ili mwalitenga kubanki kapena kwa munthu?" Anazungulirazungulira, mapeto ake anavomera kuti dobadoba wina anamukonzera, ndipo anamulipira kale. Ndinamuuza kuti a viza amatha kufunsa kubanki, ndipo akapeza kuti pepala ndi lachinyengo samangokukana, amatha kukutsekera zaka 10. Iye anati anzake awiri anadutsa ndi mapepala a munthu yemweyo. Mwina ndi zoona. Ine fayiloyo ndinamubwezera, ndipo anatuluka osatsanzika. Mnzanga wa pa desiki ina anati ndataya kasitomala. Ndinatayadi.

Za madobadoba ndinenepo pang'ono. Chimene chimawapatsa msika si umbava wa ophunzira ayi. Ambiri ofika kwa iwo ndi ana oti ndalama zilipo ndithu, koma zili mu ng'ombe, mu nyumba ya lendi, mu matumba a chimanga, kapena kwa azakhali a ku Johannesburg. Chuma chathu sichigona mu akaunti masiku 28. Ena amathawira kwa akatapira kuti awabwereke ndalama zongoonetsa, nkumalipira chiwongoladzanja cha ndalama zimene sanadyeko nkomwe. Akakafika uko alibe ya lendi, ndipo maola 20 pa sabata amene wophunzira amaloledwa kugwira ganyu sukulu ili mkati sangalipire chipinda, chakudya ndi ngongole ya kumudzi nthawi imodzi.

Lachinayi mtsikana uja anapita kukayezetsa chifuwa chachikulu. Aliyense wochokera ku Malawi wopita ku UK kwa miyezi yoposa 6 ayenera kuunikidwa pachifuwa, ndipo kuchipatala chimene boma la UK linavomereza, osati chilichonse. Satifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6. Tsiku limeneli ndimakhala ndi nkhawa kuposa ophunzira eni ake, chifukwa chithunzi chikaonetsa kachipsera, ngakhale ka matenda amene munthu anachira kalekale, amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga masabata 8. Kwa iyeyu kukanakhala kutha kwa ulendo wa chaka chino. Anaimba masana, mawu ali m'mwamba: "Anti, zatuluka bwino!" Ndinapuma.

Madzulo ake ndinakhala ndi mayi wina, mphunzitsi, amene wapeza malo a digiri yachiwiri ya chaka chimodzi ndipo amafuna kutenga mwana wake wa zaka zitatu. Kuyambira Januwale 2024 ophunzira a digiri yachiwiri ya m'kalasi saloledwa kutenga banja, kupatula ochita kafukufuku monga a PhD ndi ena olipiriridwa ndi boma. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nkufunsa ngati sukulu ingamusungire malo mpaka chaka chamawa. Tinalemba kalatayo limodzi.

Lachisanu tinakhala pansi ndi mtsikana uja kuwerengera zolipira pa tsiku lotumiza fomu. Viza nthawi imeneyo inali mapaundi 524. Palinso ndalama ya zaumoyo, mapaundi 776 pa chaka, koma poti viza ya kosi ya miyezi 12 imapitirira ndi miyezi ingapo, iye adzalipira za chaka ndi theka, mapaundi 1,164. Zonsezi zimalipiridwa pa intaneti ndi khadi, m'ndalama zakunja, ndipo aliyense amene wayesapo kulipira kanthu kunja masiku ano akudziwa mmene makhadi athu akukanira. Ndinamuuza akayambe kukambirana ndi banki yake Lolemba, asadikire Sepitembala. Ndinamuchenjezanso kuti za viza zisachoke mu akaunti ija, zichokere kwina. Kenako tinayeserera mafunso, poti nthawi zina a viza amaitana wophunzira kuti acheze naye pa kanema. Nditamufunsa chifukwa chimene anasankhira yunivesite imeneyo, anayamba kulakatula zimene analoweza pa tsamba la sukuluyo. Ndinamudula. "Iwe, undiuze ngati ukuuza amalume ako." Anaseka, nkuyamba kukamba za chipatala chaching'ono cha kwawo, mtunda umene amayi oyembekezera amayenda, ndi phunziro limodzi la m'kosiyo limene likukhudza zimenezo. Yankho lake linali limenelo.

Loweruka sitigwira ntchito, koma foni inalira 6 koloko isanakwane. Anali amalume aja. Atandifunsa mmene ndadzukira ndi mmene adzukira kunyumba, anafika pa nkhani: kwapezeka mlimi ali ndi matumba 60 a soya pa mtengo wabwino, ndiye amati mwana atapeko pang'ono chabe, Lachiwiri abwezeretsa zonse, a ku England sadziwa.

"Bambo, sitetimenti imalemba tsiku lililonse. Zikatsika pansi pa mlingo, tiyambiranso kuwerenga pa tsiku loyamba."

"Ngakhale masiku atatu okha, mayi?"

"Ngakhale limodzi, bambo."

Ndinawamva akupumira m'mwamba. Kumbuyo kwawo tambala amalira, wina amakoka sikelo pa simenti. Anati soyayo amusiyira mnzawo, ndipo anafunsa kuti tafika tsiku lachingati. Ndinati lachisanu. Anati, "Kwatsala 23," nkudula foni.