Mapiko a Namzeze aima tsopano, vuto lonse linali theka la plate

Anzanga omanga LEGO, mapiko a chombo changa cha mumlengalenga aima. Onse awiri aima nji, ndachinyamula chombo chonse, ndachipendeketsa uku ndi uku, ndachizondotsa kumene, palibe phiko lomwe lagwedera kapena kuwerama. Mtima wanga uli mbee moti ndati ndilembe pompano zisanazilale, chifukwa ndikudziwa kuti pali ena amene akulimbana ndi vuto lomweli pa zombo zawo.

Namzeze, chombo chimenechi, ndi MOC (chomanga chodzipangira wekha, osati seti yogula) yanga yoyamba kudutsa ma stud (timitu tozungulira ta pamwamba pa zidutswa) 100 mulitali, ndiye kuti yapyola masentimita 80, yalowa m'gulu la ma SHIP, dzina lomwe omanga amapatsa zombo zazitali chonchi. Thupi lake ndi lopyapyala kutsogolo, lonenepa chakumbuyo komwe kudzakhale mainjini, ndipo mapiko ndi aatali obwerera m'mbuyo. Mitundu ndi yomweyo ya Classic Space, ma seti akale a LEGO a mumlengalenga, buluu, gray ndi mawindo a trans-yellow (achikasu oonekera), chifukwa ine ndikaona seti ya Galaxy Explorer ya 1979 ija mpaka lero mtima umagunda. Msana wa chombo sunandivute, ma Technic brick (njerwa za mabowo m'mbali) a 1x16 mizere iwiri, ma plate (zidutswa zopyapyala zafulati) awiri pakati, kenako kumanga ndi ma liftarm (timitanda ta mabowo topanda ma stud) oimirira monga tonse timachitira. Zimenezo zinatha msanga. Chimene chandidyera masiku ndi mapiko.

Poyamba inali nkhani ya ngodya. Ndinkafuna mapiko abwerere m'mbuyo pang'ono chabe, ndiye ndinatenga triangle ya 5-12-13 yomwe imapereka madigiri 22.6, ndinayika mahinji awiri aja a 1x4 ozungulira, zonse zinalowa bwinobwino popanda kukakamiza. Pongokumbutsa amene angoyamba kumene, powerenga ma triangle amenewa timawerenga mipata ya pakati pa ma stud osati ma stud enieniwo, ndiye mbali ya 13 imafuna ma stud 14, mbali ya 5 imafuna ma stud 6. Phiko linakhala pamalo ake koma pakati pa phiko ndi thupi panatsala mpata wonyansa wooneka ngati mphero, wotseguka kutsogolo, wothina kumbuyo, ndipo ma wedge plate (ma plate a mbali imodzi yopendekeka) onse amene ndili nawo palibe ndi imodzi yomwe inautseka. Ya 2x4 imasiya mpata mbali ina, ya 3x6 imagundana ndi inzake, ya 3x12 ndiye kutalitali.

Chifukwa chake ndi masamu basi. Wedge plate iliyonse ili ndi kupendekeka kwake: ya 2x3, ya 3x6 ndi ya 6x12 zonse zimatsika stud imodzi pa ma stud atatu alionse, madigiri 18.4. Ya 2x4 imatsika imodzi pa anayi, madigiri 14. Ya 3x12 imatsika imodzi pa 6. Tsono ukagundanitsa wedge yakumanja ndi yakumanzere m'mbali zopendekekazo, ngodya ya pakati pa mizere ya ma stud imakhala kuwirikiza kawiri. 18.4 kawiri ndi pafupifupi 36.9, ndipo imeneyo ndi ngodya yeniyeni ya triangle ya 3-4-5. 14 kawiri ndi 28, imeneyo ndi ya 8-15-17. Koma 22.6 ija imafuna wedge yotsika imodzi pa asanu, yomwe ine ndilibe ndipo sindinaionepo. Nditazindikira zimenezi ndinaphwasula mizu ya mapiko onse awiri nkusamukira ku 3-4-5, ma wedge a 6x12 moyang'anizana, ndipo mpata uja unatsekeka mpaka kutsala kamzere koti pepala lokha ndi lomwe lingalowe. Mapiko anabwerera m'mbuyo kwambiri kuposa mmene ndinkafunira poyamba, koma kunena zoona chombo chikuoneka chaliwiro kuposa kale.

Apa ndinkaona ngati ndamaliza. Ayi ndithu, vuto lenileni linali lisanayambe.

Mahinji amagwira ngodya bwino kwambiri ukamayang'ana chombo uli pamwamba, koma sanapangidwe kuti anyamule katundu. Phiko lililonse ndi lalitali ma stud oposa 30, ma plate osanjikiza, ma tile (ma plate osalala opanda ma stud) pamwamba, kunsonga kuli kamfuti, ndiye kulemera konseko kumathera pa ma stud ochepa a pahinji. Ukachisiya chombo usiku pa sitandi, mmawa umapeza mapiko ali zyoli ngati nkhuku yonyowa ndi mvula, ma plate a pamizu atayamba kukanuka. Pa kompyuta zinthu izi sizioneka, mu Studio, pulogalamu yomangira LEGO pa kompyuta, phiko limangoima mowongoka chifukwa zidutswa za pa sikirini sizilemera, ndi pa tebulo pokha pomwe umadziwa zoona zake.

Ndiye ndinati phiko likufunika mtanda wake wochokera mkati mwa thupi. Liftarm ya mabowo 15 yogoneka chafulati, ikutsata mzere wa ma stud a phiko. Ubwino wa 3-4-5 ndi wakuti bowo loyamba ndi la 6 amagwera ndendende pa gridi ya thupi, anayi kutsogolo atatu m'mbali, ndiye mabowo awiri amenewo ndimawakhoma mkati mwa thupi, otsalawo amalowa m'phiko momwe bowo lililonse limagwera pa gridi ya phikolo. Pansi ndinaika ma tile a 2x2 okhala ndi pini pamwamba aja, a nambala 2460, liftarm nkukhala pamapiniwo, pamwamba nkuphimba ndi ma plate. Papepala zinali zokongola kwabasi.

Koma liftarm ndi yonenepa mamilimita 8, pomwe plate imodzi ndi 3.2. Ndiye kuti liftarm ndi ma plate awiri ndi theka. Ukasiya malo a ma plate awiri siilowa, ukasiya a ma plate atatu imalowa koma pamatsala mamilimita 1.6 opanda kanthu, theka la plate. Kanthu kakang'ono koti munthu wosamanga sangakaone nkomwe. Koma taganizani, mbali yomwe yagwidwa mkati mwa thupi ndi mipata isanu yokha, mamilimita 40, pomwe phiko latambalala mamilimita oposa 240 kunja. Kakugwedera ka 1.6 kaja kakafika kunsonga kamakhala katakula mpaka pafupifupi brick yathunthu. Phiko silimagwa ayi, koma limawerama, ndipo lakumanja ndi lakumanzere samawerama mofanana, ndiye ukachiyang'ana chombo chakutsogolo chimaoneka chopindika. Zimenezi zinandisowetsa tulo, ndimati ndikagona ndizingoona kampata kameneko.

Ndinayesa zambiri. Ma bracket, tizidutswa topindika pakona, ali ndi mbali yopyapyala ya theka la plate, inde, koma kuti mbali imeneyo igone chafulati pamwamba pa liftarm ndiye kuti bracket yonse yatembenuka, imafuna stud ya cham'mbali yoti igwirepo, ndipo malo mkati mwa muzu wa phiko munalibe. Headlight brick, kanjerwa ka 1x1 kokhala ndi stud m'mbali, nayo ili ndi kulowa kwa theka la plate koma inkandipatsa theka limenelo mbali yolakwika. Ma liftarm opyapyala ndi mamilimita 4, awiri ndi 8 yomweyo, atatu ndi 12, palibe chomwe chikugwirizana ndi ma plate. Mnzanga wina womanga sitima zapamadzi anati ndingolowetsapo kapepala kolimba kapena kadontho ka guluu, palibe adzaone. Ndimamulemekeza kwambiri, ntchito zake ndi zapamwamba, koma ine ayi. Kukoma kwa masewera athuwa nkwakuti chilichonse chimaphwasulika nkukhalanso china mawa, ndipo yankho limakhala lili m'zidutswa momwemo. Ndikayamba guluu lero ndiye kuti ndasiya kumanga ndayamba kumata.

Yankho linabwera ndikusanja ma liftarm m'bokosi mwake. Ndinagwira awiri pamodzi, ina pamwamba pa inzake, nkuona kuti kunenepa kwake ndi ma stud awiri, mamilimita 16. Ndipo ma plate asanu ndi 16 yomweyo. Ndi lamulo lija la 5 kwa 2 lomwe aliyense wochita SNOT (kumanga ma stud atayang'ana m'mbali osati m'mwamba) amalidziwa ngati dzina lake, lomwenso ndinagwiritsa ntchito pa msana wa chombo chomwechi, kungoti apa lagona cham'mbali. Theka ndi theka zakumana zapanga plate yathunthu, mpata watha.

Mmene ndapangira ndi motere. Ma liftarm awiri a mabowo 15 osanjikiza, olumikizidwa ndi mapini akuda othina aja m'mabowo a pakati kuti akhale ngati chinthu chimodzi. Pansi ma tile a 2460 mapini ake akulowa mu liftarm yapansi. Pamwamba ma plate a 2x2 okhala ndi pini kunsi, a 2476, mapini ake akutsikira mu liftarm yapamwamba. M'mbali mwake zipilala za ma plate asanu, kapena brick imodzi ndi ma plate awiri, zolumikiza denga ndi pansi. Ukatseka denga umamva kuti chagwira, palibenso koti mtanda upite. M'phiko namo chimodzimodzi. Phiko lililonse lili ndi mitanda iwiri yotere, wina kutsogolo wina kumbuyo, ndipo mahinji aja ndawasiya koma pano ntchito yawo ndi yongosunga mzere wa ma wedge kuti usatseguke.

Mtengo wake unali wakuti muzu wa phiko wanenepa kwambiri, ma plate pafupifupi 9 ukaphatikiza denga ndi pansi. Ndinada nkhawa kuti ziwononga maonekedwe, koma nditaphimba ndi ma curved slope otsika pang'onopang'ono kupita kunsonga, phiko layamba kuoneka ngati lili ndi minofu, ngati lingathedi kunyamula chombo chachikulu chonchi. Kutsogolo kwa muzuwo kwapezekanso malo abwino oika polowera mpweya, ndaikapo ma grille tile akuda.

Ma 2476 ndinali nawo ochepa, ndinachita kuitanitsa pa BrickLink, msika wa pa intaneti wa zidutswa za LEGO. Ine ndimakonda ogulitsa ang'onoang'ono a ku Germany ndi ku Poland, aja amene amasanja chidutswa chilichonse m'kathumba kake nkulemba nambala, ndipo akati chidutswa ndi chogwiritsidwapo kale koma chili bwino, chimabweradi chili bwino. Pick a Brick, komwe LEGO imagulitsa yokha zidutswa chimodzichimodzi, ndimapitako ndikafuna zambirimbiri za mtundu umodzi, monga ma tile a buluu a 1x4 amene chombochi chameza osawerengeka, koma zidutswa zakale zomwe zinasiya kupangidwa ndi kwa ogulitsa aja basi. Ndipo langizo langa ndi lakuti mukamaitanitsa ma wedge muziyang'ana kawiri kuti yakumanja ndi iti yakumanzere ndi iti, nambala zake zimangosiyana ndi imodzi, 30355 ndi 30356.

Kunena za zidutswa zakale, pa Namzeze ndasakaniza dala gray yakale ndi yatsopano. Mukudziwa kuti cha mu 2004 LEGO inasintha gray nkubweretsa yokhala ndi kabuluu pang'ono ija, ndipo anthu ambiri sakonda kuziphatikiza. Ine ndinayamba kuziphatikiza pa kachombo kankhondo kakang'ono komwe ndinamanga zaka zapitazo, ka munthu m'modzi, ma stud 30 okha, chifukwa gray yatsopano inandithera pakati pa ntchito. Zotsatira zake zinandisangalatsa moti kuyambira pamenepo ndimachita mwadala. Gray yakale ija imaoneka yofunda, yachikasu pang'ono, ndiye ukaika ma tile ake apo ndi apo pakati pa yatsopano chombo chimaoneka kuti chayenda maulendo, malata ena anasinthidwa ena ndi akale. Chinsinsi nkusachulutsa, ndiponso kuziika m'magulu osati kungomwaza. Kachombo kaja ndikadali nako, sindikaphwasula, ndi komwe kanandiphunzitsa kuti canopy (galasi la chipinda cha woyendetsa) ya trans-yellow imafuna mdima kumbuyo kwake kuti iwale. Pamene Galaxy Explorer yatsopano ya 10497 inatuluka mu 2022 ndinasangalala kwambiri chifukwa cha mawindo achikasu amenewo, ndipo a pa Namzeze achokera mmenemo.

Ma greeble, tizidutswa ting'onoting'ono tokongoletsa tooneka ngati makina, sindinayambe kwenikweni, ndangoyesa kachigawo kamodzi m'mbali mwa thupi. Maganizo anga ndi akuti greeble izikhala m'ngalande, pakati pa malata osalala, osati thupi lonse kudzaza timipopi ndi timabinokyula mpaka diso kusowa popumira. Ndikufuna munthu akayang'ana aziona kuti paipi iyi ikuchokera ku thanki ikupita ku injini, osati zinthu zongomatika.

Chotsatira ndi mainjini, ndipo sindinaganize bwino kuti akhale atatu akuluakulu kapena asanu ang'onoang'ono, mwina ndiyesa matayala a Technic ngati milomo yake ndione. Kumbuyoku kukalemera sitandi iyenera kusunthidwa, mwinanso kumangidwa ina. Ndikufunanso kutsegula mimba ya chombo pakhale hangar, chipinda chosungiramo zombo, yoti kachombo kakale kaja kazilowamo, zomwe zikutanthauza kudula msana womwe ndangoti sunandivute uja, ndiye kaya zidzatheka bwanji koma ndikufuna. Magetsi a LED m'mainjini ndi m'chipinda cha oyendetsa, zombo ziwiri zoperekeza za mitundu ya Blacktron, gulu lina la ma seti akale a mumlengalenga, ndipo zikayenda bwino SHIPtember ikubwerayi, mwezi wa September womwe omanga amamanga ma SHIP, ndiyambe china cha ma stud 150 chokhala ndi mapiko anayi pa 8-15-17. Amene munayesapo ngodya imeneyo ndi ma wedge a 2x4 pa phiko lalitali, tandiuzeni ngati mzere wake umatsekeka bwino mpaka kumapeto, ndisanaitanitse zidutswa.