Moto wa kuphiri

Usiku woti mawa lake ndi chinkhoswe changa, ndinaotcha thalauza langa ndili mkati mophunzitsa anthu za nyenyezi. Kwawo kwa madamu ku Dedza aliyense amaifotokoza nkhaniyi mmene akufunira, ndiye bola muimve kwa mwini wake.

Zinayambira m'minibasi. Titadutsa pa Linthipe, chigubu cha thobwa cha mayi wina chinafufuma n'kulavula chivindikiro, ndipo theka la thobwalo linathera pamiyendo panga. Thalauza linali limodzi lomwelo, lakuda, logulira mwambowo, ndipo ndinalivaliratu kuti ndikafike kuchipongozi ngati munthu. Titafika ndinalichapa. Koma amene anagonako ku Dedza mu Ogasiti akudziwa kuti chovala sichiuma usiku. Ndinapempha mbaula, ndinaika kuseri kwa mpanda wa udzu cha kubafa, n'kuyanika thalauza pampando wa nsungwi pafupi ndi makala. Ineyo ndinatsala ndi kabudula wobwereka.

Ndine mphunzitsi wa physics, ndipo matenda anga ndi akuti anthu akakhala chete ndimayamba kuphunzitsa. Titadya nsima tinakhala pabwalo: malume anga amene anali nkhoswe yanga, alamu anga awiri, ndi agogo ake aamuna a mkazi wanga atafunda bulangete mpaka m'makutu. Mlamu wamng'ono, wa Fomu 3, anangofunsa kuti mkaka uwo wayala kumwambawo n'chiyani. Funso laulemu chabe, longofuna kuti mlendo asasowe chonena. Ine ndinawauza azimitse nyali, titembenuze mipando tiyang'ane kuphiri.

Ndinati uwo ndi mlalang'amba wathu, tikuuonera cham'mbali ngati mbale imene tili mkati mwake, ndipo pomwe pawala kwambiri pamwamba pathupo ndiye pakati pake, pamene kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 26,000 kuti kutipeze. Kenako ndinalowa nkhani yanga yapamtima. Nyenyezi zina zimafa mophulika, zomwe amati supernova, ndipo zikaphulika zimasiya chimpira cha mpweya wotentha chimene chimafufumabe kwa zaka masauzande. Yomaliza kuoneka ndi maso mu mlalang'amba wathu inali ya 1604, imene katswiri wa nyenyezi Johannes Kepler anailondola, ndipo ndinaloza ndi chala dera lake molimba mtima ngati ndinalipo. Wasayansi wina wa ku Cambridge, Dave Green, amasunga kaundula wa zotsalira zoterezi, ndipo muli pafupifupi 300. Zambiri zinandandalikana mumzere wa mkakawu, makamaka cha pakati. Akatswiri amati ziyenera kupitirira 1,000, koma zina n'zozilala kwambiri, zina zabisika m'chipwirikiti cha pakatipo. Fumbi la mumlengalenga limatchinga maso, n'chifukwa chake amazisaka ndi mbale zikuluzikulu zolandira mafunde a wailesi monga 64 za MeerKAT ku Karoo, ku South Africa.

Agogo anatsokomola.

"Aphunzitsi, kutalika kwakeko alipo anapitako ndi chingwe?"

Funso limeneli ndi limene limasowetsa tulo akatswiri enieniwo, chifukwa sunganene mmene zotsalirazi zinamwazikira mu mlalang'amba usanadziwe kuti chilichonse chili patali bwanji. Kumwamba zonse zimaoneka ngati zamatidwa pakhoma limodzi. Ndinasangalala kwambiri moti ndinaimirira, kabudula wobwereka ali lende.

Ndinayamba ndi njira yabwino, ya Crab Nebula, chotsalira cha nyenyezi imene anthu a ku China analemba kuti anaiona mu 1054 ikuwala ngakhale masana kwa masiku 23. Ukachijambula lero n'kuchijambulanso patapita zaka makumi angapo, umaona kuti chakula pang'ono. Kuwala kwake kumakuuzanso liwiro lenileni la mpweyawo, makilomita pafupifupi 1,500 pa sekondi imodzi. Chinthu chothamanga choncho koma chooneka ngati chikukwawa, ndiye kuti chili kutali, ndipo masamu ake amapereka zaka 6,500 za ulendo wa kuwala. Chotsalira china chotchedwa Cassiopeia A anachiyezanso motero n'kupeza zaka pafupifupi 11,000. Njira ina ndi yoona mitambo ya hydrogen imene ili pakati pa ife ndi chotsaliracho, koma imeneyo ndinangoidutsa chifukwa malume anali atayamba kuwodzera.

Njira yachitatu ndiyo ndinainyoza. Zotsalira zambiri zilibe chokuthandiza, ndiye anthu amangoti: chaching'ono chatsopano chimawala kwambiri, chachikulu chakale chimazilala, choncho poona kuwala kwake tingaganize kukula kwake kwenikweni, kenako tiyerekeze ndi mmene chikuonekera kumwamba, mtunda n'kupezeka. Vuto lake, ndinatero ndikugwedeza chala, n'lakuti wayamba ndi kuganizira. Chotsalira chophulikira mu mpweya wothithikana chimawala mosiyana ndi chinzake cha msinkhu womwewo chophulikira poyera. Ukalakwa kukula, walakwa mtunda, ndipo mapu ako onse apotoka. Ndinati munthu wanzeru sakhulupirira njira imeneyi.

Apa ndi pomwe mlamu wamkulu anati, "Taonani uko, kwayaka moto."

Mumdima, m'munsi mwa chithunzi chakuda cha phiri, munali kadontho kofiira kakuphethira. Mu Ogasiti anyamata amatentha tchire posaka mbewa, ndiye palibe anadabwa. Ine ndinaona mwayi wa phunziro la pompopompo. Ndinatambasula dzanja, n'kutsinzina diso limodzi, chala chachikulu chinaphimba motowo ndendende. Ndinafotokoza kuti chinthu chimene chala chachiphimba dzanja litatambasuka chimakhala patali pafupifupi ka 30 kuposa kukula kwake. Moto wa tchire, tinene kuti ndi waukulu ngati bwalo la mpira, mamita 100. Kuchulukitsa ndi 30.

"Makilomita atatu," ndinalengeza. "Komanso onani mmene wazilalira. Uli kutali ndithu."

Alamu anaomba m'manja pang'ono. Malume anadzidzimuka n'kuomba nawo osadziwa chifukwa.

Posakhalitsa motowo unatulukira mbali zonse za chala changa. Ndisanamalize kunena kuti kuphiri kuli mphepo, unali utafuna zala ziwiri, kenako zitatu. Mlamu wa Fomu 3, amene ndinkayesa kuti akungomvetsera mwaulemu, anafunsa motsitsa mawu.

"Alamu, ngati chala chimodzi ndi mamita 100, ndiye kuti motowo wadya mabwalo awiri a mpira nthawi yomwe mwayankhulayi?"

Ndinati udzu wa chaka chino ndi wouma kwambiri.

"Koma mwanena kuti chakutali chimaoneka ngati chikukwawa. Ichi chikuthamanga."

Mwana uja anali atagwiritsa ntchito njira ya Crab Nebula molondola, pa ine mwini wake, pasanathe mphindi khumi chiiphunzirireni. Ndikufufuza poyankhira, mphepo inatembenuka. Agogo anatulutsa mphuno m'bulangete, n'kununkhiza kawiri.

"Aphunzitsi, kwanuko tchire likamapsa limanunkha pulasitiki?"

Chimene ndinkachiyesa tsinde la phiri chinali mpanda wa udzu. Motowo unkazilala chifukwa tinkauonera m'mipata ya udzuwo, monga momwe fumbi lija limachitira ndi nyenyezi, mfundo imene ndinali nditangoiphunzitsa ndi mawu okweza. Kunena zoona, chala changa sichinaname. Chinthu chachikulu ngati mbaula, masentimita 30, kuchulukitsa ndi 30, ndi mamita 9, ndipo kuchokera pomwe ndinaima kukafika kubafa analidi mapazi khumi ndi awiri. Ndinawawerenga mawa lake. Usikuwo sindinawerenge, ndinangouluka, ndikukuwa kuti madzi, madzi, dzanja limodzi litagwira kabudula.

Mwendo wa thalauza unali utatsetsereka n'kugwera pamakala, moto n'kukwera nawo mpaka pampando. Alamu anathira ndowa ziwiri, mpanda unangowauka pang'ono. Mpando wa nsungwi unatha. Pa thalauza panatsala lamba wake, zipi, ndi thumba limodzi lakumbuyo lomwe linali bwinobwino ngati latsopano. Phokosolo linadzutsa nyumba yonse, ndipo apongozi anga aakazi, amene mwamwambo sindinkayenera n'komwe kukumana nawo maso ndi maso, anandipeza nditagwada m'matope ndikuunika zipi ndi tochi ya foni. Sananene kanthu. Anangotembenuka, mapewa akugwedera.

Malume ndi aafupi ndi onenepa, mlamu wamkulu thalauza lake labwino ankalivala yekha. Choncho pa chinkhoswe ndinavala malaya achitenje ofanana ndi diresi la mkazi wanga, ndi thalauza la yunifomu la mlamu wa Fomu 3, lotuwa, lothera pakatikati pa msongolo. Masokosi anga anaonekera pa zithunzi zonse.

Nthawi ya perekaniperekani, ndili chiimire ndi lichero m'manja, agogo anabwera akuvina pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Anaponya K500, kenako anabwerera m'mbuyo, anatambasula dzanja, anatsinzina diso limodzi, n'kuloza chala chachikulu pa mpata wa pakati pa thalauza ndi nsapato zanga.

"Makilomita atatu," anatero, n'kupitiriza kuvina.