Njinga yanga yamsewu: BB yalowa, mapedulo ayamba kuzungulira

Felemu ija ndakhala ndikumanga pang'onopang'ono tsopano yafika poti munthu akaiona angati ndi njinga. Matayala onse awiri ali m'malo, chiwongolero ndamanga, ndipo sabata ino ndathana ndi bottom bracket, imene ambiri timangoti BB. Kwa inu amene mwangoyamba kumene, ndi kachipangizo kokhala pansi pa felemu pomwe mapaipi amakumana, kokhala ndi ekiselo ndi mabering'i. Mikono ya mapedulo, crank ija, imazungulira pamenepo. Ndi kakang'ono, koma kandidyera nthawi kuposa china chilichonse pa njingayi.

Felemu yanga ndi yachitsulo, yakaunjika, ndipo inabwera bowo la BB lili pululu. Ndisanatulutse ndalama ndinayamba ndayeza. M'lifupi ndinapeza mamilimita 68, mkati muli mazinga ngati a nati. Mtima unakhala pansi, chifukwa kawirikawiri umenewu ndi muyeso wa ku England wotchedwa BSA, wa mainchesi 1.37 ndi mazinga 24 pa inchi, ndipo zipangizo zake ndi zosasowa. Mukapeza 70 ndiye kuti ndi wa ku Italy, bowo lake ndi la mamilimita 36, moti kapu ya BSA, chitsulo cha mazinga chogwira mabering'i m'bowomo, imangolowa osaluma mazinga. Wa 73 umapezeka pa njinga zokwera mapiri. Koma 68 payekha sakwanira. Mafelemu akale a ku France nawonso ndi 68, pomwe mazinga ake ndi ena, ndipo Raleigh zakale zambiri zili ndi mazinga 26 pa inchi. Chosiyanitsa ndi a ku France n'chakuti pa BSA mbali ya tcheni mazinga ake ndi obwerera: kapu imalowa ukamazunguza cha kumanzere. Ndinatsuka bowolo ndi palafini ndi mswachi wakale mpaka dzimbiri ndi utoto zinachoka, kenako ndinatenga kapu yakale yachitsulo n'kuizunguza ndi zala zokha. Inalowa myaa mpaka kumapeto. Kapu ikakana ndi zala poyamba penipeni, sipanala isayandikire, mukangoikakamiza mazinga a felemu atha.

Ndimathokoza kuti felemuyi si yamakono ya mabowo opanda mazinga, monga BB86 kapena BB30, chifukwa mabering'i ake amafuna chida chokanikizira chimene ine ndilibe.

Nkhani ya mtundu wa BB tinakambirana ndithu ndi amakaniko ena a pa Nchalo, bambo wachikulire amene amakonza njinga za akabaza pansi pa mtengo wa nimu. Ataiona felemuyo anati, "Achimwene, mukuvutikiranji? Ikanimo makapu ndi ekiselo ya njinga zathuzi. Zili mbwee pamsika pano, zikatha tingosintha mabering'i, girisi, basi." Maganizo awo sindinawapeputse. Anthu amenewa ndi amene amayendetsa chigwa cha Shire chino. Njinga zonyamula matumba a thonje ndi mapira, nkhuni, odwala opita kuchipatala, zonse zimadutsa m'manja mwawo, ndipo BB ya makapu ndi mipira ya bering'i 11 mbali iliyonse amaimasula n'kuimanganso asanamalize kukufunsa za kunyumba. Vuto n'lakuti ekiselo ya njinga za kabaza ndi ya kotapini, kamsomali kopanikiza crank ku ekiselo, ndipo ndi yobulungira kumapeto, pomwe crank yanga ili ndi bowo la ngodya zinayi, square taper. Ziwirizi sizigwirizana.

Ekiselo ya ngodya zinayi ya mipira yomasuka iliko, ndipo ndi yotsika mtengo kwambiri. Ndinaiganizira. Chinandibweza ndi fumbi ndi madzi. Amene anayendapo msewu wa East Bank mu Okutobala akudziwa fumbi limene ndikunena, limalowa paliponse, likasakanikirana ndi girisi n'kumadya makapu. Mvula ikabwera nkhani imasanduka madzi ndi matope, ndipo kuchokera pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 palibe wa ku Chikwawa kapena Nsanje amene amadabwa kuoloka madzi ofika m'maondo akukankha njinga. Ndinasankha BB yomata, ya cartridge, imene mabering'i ake ali otsekeredwa mkati. Siikonzedwa, ikatha yatha, koma imapirira nthawi yaitali osaifuna.

Mnzanga wa ku Blantyre amene amapalasa ndi anzake Loweruka lililonse anandilimbikitsa kwambiri mtundu wa BB wotchedwa Hollowtech II, wa kampani ya Shimano, ndipo anali wokonzeka kundipatsa makapu ake ulere. Ndi yabwino, yopepuka, ndipo imalowa mu BSA bwinobwino. Koma ekiselo yake ya mamilimita 24 imabwera yolumikizidwa ku crank, ndiye kulandira makapuwo kukanatanthauza kugula crank yatsopano, ndalama zimene ndasungira mabuleki ndi tcheni. Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama: amagula BB chifukwa yatsika mtengo, osayang'ana crank imene ali nayo. Felemu imalamula mazinga ndi m'lifupi, crank imalamula ekiselo. Mwachitsanzo, ekiselo ya GXP ya kampani ya SRAM ndi ya mamilimita 24 mbali imodzi ndi 22 mbali inayo. Ya Octalink ili ndi mano asanu ndi atatu. Ngakhale square taper yomweyi ili pawiri, JIS ya Shimano ndi zambiri za ku Asia, ndi ISO ya Campagnolo, ndipo crank ya ISO ukaiika pa ekiselo ya JIS imakhalira kunja. Yanga ndi ya Shimano, ya mbale ziwiri zokoka tcheni, za mano 52 ndi 39, choncho ndi JIS.

Chinatsala ndi kutalika kwa ekiselo, ndipo apa ndiye panali ntchito. Amapanga a mamilimita 107, 110, 113, 115, 118, 122.5 ndi ena. Ikatalika, tcheni imayenda mopingasa n'kumalira pa magiya akuluakulu akumbuyo. Ikafupika, mbale yaing'ono imakhula felemu. Pa njinga yamsewu ya mbale ziwiri, kuchokera pakati pa felemu kufika pakatikati pa mbale ziwirizo payenera kukhala mamilimita 43.5. Amakaniko aja anafufuza m'bokosi lawo la zitsulo zakale n'kupeza cartridge yotha ya 118. "Yeserani iyi, musagule m'chimbulimbuli," anatero. Tinaiika, tinamanga crank, ine n'kuyeza ndi lula yachitsulo kuchokera m'mbali mwa paipi ya chishalo. Paipiyo ndi ya 28.6, theka lake 14.3, ndipo nditaphatikiza ndi zimene lula inaonetsa ndinapeza pafupifupi 46. Mbale zinali kunja ndi mamilimita awiri ndi theka. Popeza ekiselo imafupika mbali zonse ziwiri, ndinachotsa asanu pa 118, n'kutsala 113.

Ndinakagula ku Limbe, crank ili m'chikwama kuti ndikaiyese pomwepo. Ndinapeza Shimano BB-UN300 ya 68 ndi 113. Panalinso zina zopanda dzina zotsika mtengo, koma nditazunguza ekiselo ndi zala ina inkamveka mchenga, ina inkagwedera ikadali yatsopano. Yabwino imazungulira mosalala, ikulemerera pang'ono chifukwa cha girisi, ndipo ukaigwedeza uku ndi uku siisuntha.

Ndinaimanga m'mamawa, chifukwa kuno dzuwa likakwera sipanala imatentha m'manja. Ndinapaka girisi m'mazinga onse, kuti zaka zikubwerazi isadzamatirire ndi dzimbiri. Ndinayamba mbali ya tcheni, ndi zala mpaka pomwe inathera, kenako kapu yakumanzere pang'ono kuti igwire, ndiye n'kulimbitsa. Chida chake chili ndi mano 20 ndipo chimakonda kupulumuka n'kuphwanya mano a kapu. Ndinachigwiritsa ndi bawuti yaitali ndi washa yolowa mu ekiselo, chinakhala nji osasuntha. Shimano imati ilimbitsidwe pakati pa 50 ndi 70 Nm (muyeso wa mphamvu yolimbitsira), kumene ndi kulimbitsa kwenikweni, ndiye ndinagwiritsa sipanala yaitali. Pansi pa bowolo pali kabowo kotulutsira madzi kamene kanatsekeka ndi dothi. Ndinakabowola ndi sipoko, chifukwa madzi olowera ku paipi ya chishalo amatsikira pomwepo n'kukhazikika.

Ndinapemphanso amakaniko aja chinthu chimodzi: tsiku limene ndidzabwere kuti achotse crank, hamala isadzagwire ntchito. Kotapini amaikhoma, koma square taper imachotsedwa ndi crank puller, chida chozulira crank, ndipo ndagula yanga kuti izikhala m'kachikwama ka pansi pa chishalo.

Nditamanga crank ndinayezanso, ndipo muyeso unafika pa 43.5 ndendende monga lula ingaonetsere. Pakati pa mbale yaing'ono ndi felemu patsala mpata wolowa machesi awiri. Crank ndikaikankha kamodzi imazungulira yokha, osamveka kanthu.

Chatsala ndi tcheni, mawaya a mabuleki ndi magiya, ndi chosinthira magiya akutsogolo. Ulendo woyamba udzakhala wa Nchalo kupita ku Ngabu pa M1, poti ndi pathyathyathya, ndipo ndikadzabwerako ndidzalimbitsanso mabawuti a crank. Chitunda cha Thabwa chopita ku Blantyre chidikire kaye mpaka nditapeza giya yakumbuyo ya mano 28, chifukwa mbale ya mano 39 kutsogolo ndi yolemera pamenepo. Ngati alipo amene ali ndi chosinthira chakutsogolo cha mbale ziwiri chogwira paipi ya 28.6 ndipo sakuchigwiritsa ntchito, andiuze tikambirane mtengo.