Lachitatu ku Banbury: ndagula mkokomo ndi mapaundi 4

Lero sindinapite ku ntchito. Mvula ya kuno, ija yongowaza osaleka, inandithawitsira mu shopu ya kaunjika. Ndimafuna juzi, koma ndatulukamo ndi bokosi la ma CD anayi a gulu loimba la Fairport Convention, Live at the BBC, lomwe linatuluka mu 2007. Mapaundi 4 basi. Agogo ogulitsa, imvi zili mbuu, anandiyang'ana kawiri. "Mumawadziwa amenewa?" Ndinati dzina lokha, poti kuno Ogasiti akafika nkhani imakhala ya chikondwerero cha gululi ku Cropredy, kamudzi ka pafupi pompano. Iwo anangoti, "Yachinayiyo musaitaye, mwamva?"

Nditafika kunyumba ndinateleka madzi a nsima n'kuyamba kumvera.

Zitatu zoyambazo zilibe vuto, mawu ali ngwee. Chinandidabwitsa n'choti mu 1968 ndi 1969 anyamatawa, amene anayamba kuimba ku London mu 1967, ankakonda nyimbo za kutsidya kwa nyanja, za Bob Dylan, Joni Mitchell ndi Leonard Cohen. Zambiri mwa izo sanaziike m'zimbale zawo, anangoziimba pa wailesi, makamaka m'pulogalamu ya John Peel. Gitala ya Richard Thompson, mwana wosapitirira zaka 20 nthawiyo, ikuluma kale.

Kenaka yachinayi ija. Kungoiika, shiii, ngati chimanga chikukazingidwa mu chiwaya. Mnzanga amene timagonera nyumba imodzi anasuzumira pakhomo: "Asisi, wailesi yafa kapena?" Sinafe ayi. Masiku amenewo BBC inkafufuta matepi ambiri kuti ijambulirepo zina, poti tepi inali yodula. Zimene zili pa CD imeneyi zinapulumuka chifukwa anthu wamba kunyumba kwawo ankajambula wailesi ikulira. Penapake mawu amatsika ngati woimba walowa m'chitsime, kenaka n'kubwerera. Ndinakumbuka achimwene anga ku Zomba, chala chili pa batani, kudikira kuti muulutsi asiye kulankhula, kaseti ikatafunidwa akuipota ndi cholembera. Anajambula zambiri achimwene, koma tinatayira kudzala tonse posamuka.

Mkati mwa mkokomowo mawu a Sandy Denny, mayi amene ankaimba m'gululi, akumveka bwinobwino, osagwedezeka. Ine ndawakonda pamenepa kuposa pa zoyera zija, chifukwa palibe amene anawakonza. Amapuma, mumamva kuti wapuma. Anamwalira mu 1978 ali ndi zaka 31.

Pamene ndinaima ndithu ndi pa ng'oma. Pa zojambula zoyambirira amene akumenya ndi Martin Lamble. Pa 12 Meyi 1969 galimoto ya gululi inachita ngozi mu msewu wa M1 akuchokera koimba ku Birmingham, ndipo iye anafera pomwepo ali ndi zaka 19. Ndiye mukamva kamenyedwe kake kopepuka kaja, kosathamanga, mukudziwa kuti watsala ndi miyezi yowerengeka, pamene mwini wake sakudziwa kanthu. Otsalawo anatembenukira ku nyimbo zamakolo a ku Britain, vayolini ya Dave Swarbrick ili patsogolo, ndipo mu Disembala chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha Liege & Lief. M'bokosimu mumachita kumva pamene njira inakhotera.

Madzi a nsima anaphwa, poto n'kuda pansi. Tadya buledi ndi tiyi, mnzanga akung'ung'udza.

Usiku uno ndafufuza pa intaneti chimbale china, House Full, chimene anajambula akuimba pamaso pa anthu ku Troubadour, Los Angeles, mu 1970. Mtengo wake wandibweza. Loweruka ndikadutsanso kwa agogo aja, mwina ali nacho pansi pa mulu. Mawa ndilowa 7 koloko m'mawa, ndipo juzi ndilibebe.