Zoti elekitironi imodzi imazungulira kambirimbiri ndazimva tsopano

Nambala ya 880 A/W, yomwe ndi responsivity (kuchuluka kwa magetsi amene chipangizo chimatulutsa pa watt iliyonse ya kuwala), yakhala ikundisowetsa mtendere kwa nthawi yaitali. Anaipeza a gulu la Andras Kis ku yunivesite ya EPFL, mumzinda wa Lausanne ku Switzerland, mu 2013, pa kachipangizo kozindikira kuwala kopangidwa ndi MoS2 (molybdenum disulfide) wa layer imodzi yokha, wokhuthala pafupifupi 0.65 nm. Masamu ake ndi awa: pa kuwala kwa 561 nm, ngakhale photon (kachidutswa ka kuwala) iliyonse itatulutsa elekitironi yake popanda yotayika, simungapitirire 0.45 A/W. Ingogawani 561 ndi 1240. Nanga 880 ikuchokera kuti? Amenewo ndi maelekitironi pafupifupi 2,000 pa photon imodzi, chikhalirecho kuwala kochuluka kumangodutsa kachigambako osagwidwa n'komwe.

Lero mutu wapepuka. Chimene chinkanditsekereza n'choti ndinkafunafuna komwe maelekitironi 2,000 amabadwira. Sabadwa ayi. Photon imapanga elekitironi imodzi ndi hole imodzi basi (hole ndi malo amene elekitironi yachokapo, okhala ndi chaji ya positive). Hole ija imakodwa penapake, kaya pamene pasowa atomu ya sulfur, kaya pamalire a MoS2 ndi SiO2 (silicon dioxide) ya pansi pake, ndipo imakhala pomwepo osasuntha. Elekitironi ndiye imathamangira ku drain, mbali yotulukira, n'kutuluka. Koma poti hole idakali m'kati, chipangizocho sichingakhale ndi chaji ya positive yopanda mnzake, choncho source, mbali yolowera, imalowetsa elekitironi ina. Nayonso imadutsa, kenako ina, kenako ina, mpaka hole ija itamasuka n'kukumana ndi imodzi mwa izo. Zili ngati munthu amene wagwira chitseko kuti chisatsekeke: iye sakupita kulikonse, koma nthawi yonse imene waima pamenepo anthu akungolowa.

Ndiye fomula ya gain (kuchuluka kwa maelekitironi odutsa pa photon imodzi yogwidwa), G = τ/t, si chinthu choloweza ayi. Pamwambapo, τ, ndi nthawi imene hole yakhala chikodwere, pansipo, t, ndi nthawi imene elekitironi imatenga kuchoka ku source kukafika ku drain. Hole ikakhalitsa, elekitironi n'kukhala yaliwiro, gain imakwera. Basi.

Chinandisangalatsa kwambiri n'choti apa m'pamene kupyapyala kumagwira ntchito yake. Mu silicon wokhuthala, chaji yokodwa pamwamba imangokhudza kachigawo kakang'ono, zam'kati zimayenda mmene zimayendera. Koma mu layer imodzi mulibe m'kati. Atomu iliyonse ili poyera, ndipo chaji iliyonse yokhala pafupi imasintha channel yonse, njira imene maelekitironi amadutsa, ngati kuti mwapotoza voltage ya pa gate, mbali imene imalamulira kuyenda kwa magetsi. N'chifukwa chake amaitcha photogating. Kale ndinkaona kupyapyala ngati vuto lokhalokha, poti graphene, carbon wa layer imodzi, amangogwira 2.3% ya kuwala. Vutolo lilipodi, koma kupyapyala komweko ndi kumene kumachititsa kuti kuwala kochepa kagwidwako kamveke kwambiri.

Nditangomvetsa zimenezi, mapepala awiri amene ankaoneka ngati akutsutsana anagwirizana okha. A ku IBM mu 2009 anapanga detector ya graphene yogwira ntchito mpaka 40 GHz, koma responsivity yake sinkafika n'komwe 1 mA/W. Mulibe chokodwa, mulibe gain, chilichonse chimatha msanga. A ku ICFO, malo ofufuza za kuwala pafupi ndi Barcelona, mu 2012 anayala ma quantum dot (timadontho tating'onoting'ono) a PbS (lead sulfide) pamwamba pa graphene n'kufika cha m'ma 10^7 A/W. Kumeneko zinatembenuka: maelekitironi ndi amene amatsala m'madotimo, ma hole ndi amene amazungulira mu graphene, ndipo poti graphene amawayendetsa mwaliwiro, t imachepa zedi. Koma chimene wapeza pa gain umalipira pa liwiro. Chipangizo sichingazime hole isanamasuke, ndipo cha MoS2 chija chinkatenga masekondi angapo kuti chibwerere mwakale kuwala kukazimitsidwa. Masekondi, osati ma picosecond.

Tsopano pepala lililonse ndimaliyamba ndi transfer curve, graph yoonetsa mmene magetsi amasinthira mukamasintha voltage ya pa gate, ndipo kwa ine palibe njira ina yoposa imeneyi. Yerekezani curve ya mumdima ndi ya m'kuwala. Ngati yonse yasunthira kumbali, threshold voltage (voltage imene chipangizo chimayambira kudutsitsa magetsi) n'kupita ku negative pa MoS2, dziwani kuti pali ma hole okodwa amene akugwira ntchito ya gate. Kenako onani photocurrent, magetsi obwera chifukwa cha kuwala, pamene akuwonjezera mphamvu ya kuwala pa graph ya log-log. Slope ikachepera 1 ndiye kuti misampha imene imakola ma hole ikudzaza, ndipo responsivity imatsika kuwala kukamachuluka. N'chifukwa chake nambala zikuluzikuluzi amaziyeza pa kuwala kochepetsetsa. Ma graph awiri amenewa amandiuza zambiri kuposa abstract yonse, moti ndingakonde kuti wophunzira aliyense aziyamba ndi iwo asanaone band diagram ngakhale imodzi.

Apa ndiye pamandipweteka mtima. M'kalasi tinathera nthawi yochuluka pa nkhani ya Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, mmene anasendera graphite ndi tepi n'kupeza graphene ku Manchester mu 2004 mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2010. Nkhaniyo ndi yokoma, sindikukana. Koma titafika pa gain, aphunzitsi anangoonetsa mzere umodzi pa slide n'kunena kuti zimenezi tinaphunzira kale mu semiconductor physics. Palibe anafunsa, inenso sindinafunse, poti aliyense ankaganiza kuti anzake akumva. Mawu oti elekitironi imalowanso kuchokera ku source akananenedwa kamodzi kokha, masabata onsewa sakanapita pachabe. Ndikudziwa kuti silabasi ndi yaitali ndipo nawonso amathamangitsana ndi nthawi, koma pano mayeso ayandikira, mutu wa black phosphorus sindinauyambe bwinobwino kupatula zoti band gap yake (mphamvu yofunika kuti elekitironi imasuke) imachoka pa 0.3 eV kukwera mpaka cha ku 2 eV akamapyapyala, komanso kuti amawonongeka akakhala pamphepo.

Pali chinthu chimene sichinakhazikikebe mumtima mwanga. Ngati gain yambiri ikuchokera m'misampha, ndiye kuti tikunyadira zilema za chipangizocho. Mukachikuta ndi hBN (hexagonal boron nitride) kuti chikhale choyera, chimafulumira, koma nambala yokongola ija imatsika. Ndiye chabwino ndi chiti? Mwina zimatengera ntchito yake, poti kamera yoona mumdima ikhoza kupirira kuchedwa pang'ono pamene fibre ya intaneti singapirire. Komanso gain imakweza noise limodzi ndi signal, ndipo ndikaona detectivity (muyezo wa kuwala kochepetsetsa kumene chipangizo chingazindikire) yowerengeredwa kuchokera ku dark current yokha, magetsi oyenda mumdima, osayeza 1/f noise, imene imakula pa frequency yotsika, ndimakayikira ngati ndiyenera kuikhulupirira. Mwina ndikukokomeza poti ndangozimva kumene. Gawo la noise ndiyenera kulibwerezanso ndisananene zambiri.