Mphwanga, mapilisi aja usawasiye

Mphwanga, ndamva kwa amayi kuti mankhwala aja wasiya ati sakugwira ntchito. Masabata awiri okha basi! Mankhwala a matenda okhumudwa ngati fluoxetine kapena amitriptyline si panado woti wamwa mutu wasiya pompo ayi, amatenga masabata 4 mpaka 6 kuti uyambe kumva kupepukidwa, ndipo masiku oyambawo amatha kukupatsa nseru, tulo tambiri kapena kuuma kukamwa, nde munthu umangoona ngati zikuipiraipira.

Ine ndinadutsamo. Nthawi ija ndinkagwira ntchito ku esiteti ya tiyi ndinkakanika ngakhale kudzuka, mumtima muli bii ngati chiperoni chakuta phiri la Mulanje sabata yonse. Nane ndinasiya mapilisi mwadzidzidzi, eee chizungulire chake, tulo osabwera, kenako maganizo aja anabwerera ndi mphamvu. Ukaona kuti mapilisiwo akukusautsa uwauze adokotala, amatha kusintha mlingo kapena kukupatsa mtundu wina, osati kungoponya kuchimbudzi.

Za anzako a pa Chitakale omwe akuti wapenga, ati posachedwa akutengera ku Zomba Mental, asiye. Ena akuti unalodzedwa (azakhali aja ndi nkhani zawo za asing'anga, kaya). Kupemphera pemphera ndithu, koma mapilisi uzimwanso.

Tsiku la kiliniki ndibwera tipitire limodzi, ya kabaza ndilipira ine. Ndipo maganizo ofuna kudzipha akakubwerera, ngakhale 2 koloko usiku, ungondiflasha ndikuimbira pompo, kapena udzutse amayi muthamangire kuchipatala.