Jakisoni Amateteza ku Mimba, Koma Matenda Amadutsa

Kwa zaka zambiri ndinali m'gulu la makolo amene amakhulupirira kuti kuuza mtsikana wa zaka 16 za njira zolerera n'kumutsegulira khomo la chiwerewere. Maganizo amenewa ndinawasiya pamene mwana wa mchemwali wanga anatenga pathupi ali Fomu 2. Tonse, azakhali ake ndi anankungwi a kumpingo omwe, tinali titamulangiza za kudziletsa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamuuza kuti kuchipatala cha boma akanatha kulandira uphungu ndi njira yolerera popanda kulipira.

Mwanayu sali yekha. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'Malawi muno, 29 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, koma lamulo limaletsa ukwati, sililetsa mimba.

Chimene kulera kumateteza kwa mtsikana wamng'ono si manyazi a banja okha ayi, ngakhale kuti ambirife timayamba taganiza za amenewo. Thupi limene silinakhwime limavutika pobereka, ndipo mwana akakhalitsa panjira chikhodzodzo cha mayi chimatha kubooka, n'kuyamba kutaya mkodzo kosalekeza. Matenda amenewa, otchedwa fistula, ndi amene madokotala amakonza pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe. Atsikana ena, poopa makolo ndi aphunzitsi, amachotsa mimba mobisa ndi zitsamba kapena timitengo ta chinangwa, ndipo amafika kuchipatala magazi atatayika kale. Sukulu nayo imaima, chifukwa ngakhale boma limalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka, amene alibe womusiyira khanda sabwerera.

Komabe pali chinthu chimene ine ndikuona kuti sitikuchinena mokwanira, ngakhale ife amene tinavomereza kuti achinyamata azilera. Jakisoni wa miyezi itatu, mapiritsi, lupu ndiponso timachubu toika pamkono, monga Implanon wa zaka zitatu ndi Jadelle wa zaka zisanu, zonsezi zimateteza ku mimba basi. Kachilombo ka HIV, chindoko ndi chinzonono zimadutsa ngati kuti palibe chilichonse. Kondomu yokha ndi imene imatchinga mimba ndi matenda pa nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake azaumoyo amalangiza kuti wobayitsa jakisoni azigwiritsabe ntchito kondomu. Vuto ndi loti mnyamata akamva kuti mnzake anabayitsa, amaona ngati Chishango chilibenso ntchito, ndipo mtsikana amene chibwenzi chake ndi bambo womugulira sopo ndi yunifolomu alibe mphamvu zokana.

Mphekesera yoti kulera usanabereke kumaumitsa chiberekero ndi imene imabweza atsikana ambiri. Zoona zake n'zakuti jakisoni amatha kusokoneza msambo ndi kuchedwetsa kutenga pathupi kwa miyezi ingapo munthu akasiya, koma sachititsa kusabereka. Chinanso chimene chimawabweza ndi kukhala pamzere umodzi ndi amayi a m'mudzi mwawo, kapena kufunsidwa ndi namwino kuti, "Iwe, msinkhu umenewu ukufuna zimenezi?" Zipatala zina, kuphatikizapo za Banja La Mtsogolo, zili ndi thandizo lokonzedwera achinyamata, koma kumidzi yakutali mtsikana amadalira mlangizi wa zaumoyo amene amadziwana ndi makolo ake.

Mwana wa mchemwali wanga anabwerera kusukulu patatha zaka ziwiri. Tsiku limene anapita kukaikitsa kachubu pamkono ndinamuperekeza ndine, ndipo tisanatuluke ndinapempha namwino kuti amupatsenso makondomu ndi kumuyeza magazi.